Katoni Yodikira Achemwali

3 Malichi

Kasingano mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana, komanso aphunzitsi amuna akowo, ngati akumapeza mpata wopuma pa ntchito yawo yokonza zolakwa za anthu ena. Ine ndilipo. Ndikadali pa shopu yotaipa ija, kutaipira ana a eni ake mapepala a kafukufuku. Ena sadziwa ndi poika mpumiro pomwe, koma posachedwa avala mikanjo ndi zipewa za makona anayi, ine ndikupukuta inki m'zala.

Ndalama zija adalaivala a basi andipatsira. Usiye kulirira makina a malemu amayi. Unachita bwino kundimvera n'kuwagulitsa. Anali okalamba, mwendo umodzi waufupi, phokoso ngati chigayo. Mayunifolomu sikisite a sukulu yonse sungawasoke mopalasa ndi mapazi ngati uli pa njinga.

Makina atsopano ndagula. Ndi amagetsi, amasoka ndi mabowo a mabatani omwe. Ndawapeza pa sitolo yaikulu ya pa intaneti, nditakhala masiku atatu ndikufananiza mitengo ndi kuwerenga zomwe ogula ena analemba. Mtengo wake ndaugwetsa mwanjira yoti ndikakufotokozera ungodwala mutu. Zinthu izi zimafuna munthu amene anakhalako pa benchi ya ku yunivesite, ngakhale sanamalize. Akubweretserani pa geti ya sukulu sabata isanathe.

Tsono mvetsetsa. Katoniyo ikafika pasapezeke munthu woiseweretsa. Aphunzitsi ndimawadziwa. Anamasula wailesi ya bambo kuti aone chomwe chimayankhula m'katimo, ndipo mpaka lero wailesiyo ili chete. Zala zawo zisayandikire. Ine ndibwera kumapeto kwa mwezi kudzakuonetsa kagwiritsidwe kake.

Poti foni yako inamira m'beseni, tizingolemberana chonchi. Usandiimbire pa foni yawo. Nkhani za kwathu sizidutsa m'thumba la munthu amene pa ukwati wako anandifunsa pagulu kuti, "Alamu, digiri ya zamalamulo ija ikutha liti?"

Ndine mkulu wako.


11 Malichi

Achemwali okondedwa,

Moni wambiri. Ife kuno tili bwino, kupatula wamng'onoyu amene akumera mano, moti akuluma aliyense.

Achemwali, yafika! Dzana masana kunabwera munthu wa njinga yamoto, katoni atamanga kumbuyo. Anali wachangu, sanavule ndi chipewa chomwe. Anandipatsa pepala, ndinasaina pomwe analoza, iye ulendo. Kulemera kwake! Tinanyamula awiri ndi akazi a ahedi, ndipo iwo anati makina enieni amadziwika ndi kulemera.

Mawu anu ndawasunga. Palibe amene waitsegula. Ndaiika pabalaza, pa tebulo laling'ono lija, ndaifunditsa nsalu yoyera yomwe ndinapeta maluwa m'mbali, kuti fumbi lisalowe. Pa katonipo pali chithunzi cha makinawo, ndiye m'mawa uliwonse ndimakweza nsaluyo pang'ono n'kuyang'ana. Anthu akubwera kudzaona. Amayi ogulitsa tomato aja anapempha kuti angoigwira, ndinawalola chala chimodzi.

Koma bambo a ana tayambana. Iwo akuti katundu wa pa intaneti amatsegulidwa tsiku lomwelo, wobweretsayo asanachoke n'komwe. Akutinso selotepu yake ikuoneka ngati inamatidwa kawiri. Anabwera ndi kampeni. Ine ndinakhala pamwamba pa katoniyo. Ndinawauza kuti, "Achemwali ndi amene avutika ndi zimenezi, atsegula okha ndi manja awo." Iwo anangoti, "Chabwino, tidikira aloya." Kuyambira pamenepo akungondiyankha ndi mutu.

Ahedi andipatsa kale nsalu, mipukutu itatu yobiriwira. Akufuna mayunifolomu onse pofika pa 20 Epulo, sukulu isanatsegulidwe. Anena poyera kuti ndikalephera, ntchitoyi ibwerera kwa telala wa kumsika ndipo sadzandiyesanso. Sindikuopa. Ana onse ndawayeza, ndayamba kudula. Mukangofika, makina awa agwira ntchito ya mwezi m'masabata awiri.

Mubwere msanga. Katoni yanu ikukudikirani.

Ndine mng'ono wanu.


21 Malichi

Kasingano,

Moni ndikupatsa tsiku lina. Kalata yako yandipeza lero. Lero! Masiku khumi yakhala ikuyenda mu basi, adalaivala ataiiwala pansi pa kabuku ka matikiti. Ndaiwerenga nditaimirira pa depoti, ndipo nditafika pa nsalu ya maluwa ndinangokhala pa thumba la makala la munthu wina.

Wafunditsa katoni? Ukuionetsa kwa anthu ngati mwana wobadwa kumene? Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Ndinati asaiseweretse, sindinati muipembedze! Ndipo unasaina osaona m'kati. Ukudziwa chomwe unasainira? Unavomera kuti walandira katundu ali bwino. Munthu wa zala zanzeru ngati iwe, woti umaona ulusi umodzi ukapotoka, sunaone kuti ukudzimanga wekha?

Katundu wogula chonchi ali ndi masiku khumi ndi anayi oti ubweze ngati wafika wothyoka kapena wosiyana ndi amene unaitanitsa. Amawerenga kuyambira tsiku lomwe wafika. Anafika pa 9, ndiye kuti mkuja pa 23 chitseko chitsekedwa. Ndakhala ndikukumbukira kalata yanga ija mzere ndi mzere kuti ndipeze pomwe ndinakuuza zimenezi. Zikuoneka kuti sindinalembe. Koma nazonso n'zofuna kulemba? Munthu amauzidwa kuti akagula mazira ayang'ane ngati ali osweka?

Ndinatulutsa foni kuti ndiimbe kwa aphunzitsi, ndinapeza kuti nambala yawo ndinaifufuta chaka chatha. Ndiye ndawapatsa adalaivala kalatayi m'manja, ndawalumbiritsa kuti mawa lomweli ikhale kwa iwe.

Ukangoiwerenga, tsegula. Usadikire kusamba m'manja. Aphunzitsi ajambule vidiyo kuyambira podula selotepu mpaka pomaliza, osadukiza. Foni yawoyo igwireko ntchito ya phindu. Katoni, mapepala, ndi kapulasitiki kalikonse, usataye.

Mkulu wako.


25 Malichi

Achemwali,

Mundikhululukire zilembo.

Basi inafera panjira, kalata yanu yafika dzulo pa 24. Ndinatsegula nthawi yomweyo monga munanenera. Nkhani inali itamveka kale kuti lero ndi lero, ndiye pabalaza panadzaza: akazi a ahedi, amayi a tomato, aphunzitsi anzawo awiri. Bambo a ana anaimirira pa mpando ndi foni. Ine ndinachotsa nsalu ija, ndinaipinda bwinobwino, ndinadula selotepu.

Pamwamba panali kabuku ka malangizo, kokongola, ka zithunzi. Akazi a ahedi anaomba m'manja. Pansi pake panali chingwe cha magetsi. Kenako manyuzipepala. Ndinachotsa, panali manyuzipepala ena. Ndinalowetsa dzanja, ndinagwira chinthu chokhakhala, chozizira.

Achemwali, ndi njerwa. Njerwa zinayi. Imodzi ili ndi simenti m'mbali, anachita kuigumula pa khoma la munthu.

Amayi a tomato anati, "Mwina makinawo ali pansi." Ndinatembenuza katoni yonse, munagwa mchenga basi. Wina anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa. Anthu anatuluka mmodzimmodzi ngati achoka kozonda wodwala. Ine ndinangokhala pansi, njerwa ili pamiyendo. Masabata awiri ndakhala ndikupukuta fumbi pa njerwa, achemwali. Ndinakhalira njerwa kuti amuna anga asazikhudze.

Ndalakwa ndine, ndikudziwa. Mukanakhala inu mukanatsegula. Koma ndiuzeni chochita. Nsalu za ahedi ndazidula zonse, sizingabwezedwe. Zili m'milu pa bedi la ana: makolala paokha, manja paokha. Makina a amayi ali kwa mayi wa salauni amene ndinamugulitsa uja. Ndilibe chosokera. Kwatsala masabata osakwana anayi.

Tsiku limodzi lokha ndi lomwe tapitiriza. Inu mumadziwa malamulo. Sangatimvere chisoni pa tsiku limodzi?

Mng'ono wanu.


29 Malichi

Kasingano,

Ndalandira. Ndawerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinataipa dzina la kasitomala molakwika pa tsamba loyamba la kafukufuku wake, abwana andikalipira pamaso pa anthu.

Njerwa! Ndinayembekezera singano yothyoka, mwina mota yakufa. Koma munthu anakhala pansi, anasankha njerwa, anazikulunga ngati mphatso, anaikapo ndi kabuku ka malangizo! Dziko lino anthu akuba afika pochita kukulemekeza.

Ndalankhula ndi wogulitsayo. Yankho lake ndi lalifupi: masiku anadutsa, ndipo pepala linasainidwa. Chisoni chomwe ukufunsacho sichigulitsidwa pa intaneti. Ukanatsegula pa 9, lero tikanakhala tikunena zina. Nyumba yonse, mphunzitsi wa digiri yake ali momwemo, inalephera kugonjetsa kansalu ka maluwa! Iwo amene amadziwa zonse, bwanji sanakukankhe pa katonipo? Pa wailesi ya bambo sanapemphe chilolezo kwa munthu.

Ndikuganizira chochita. Pakadali pano pita kwa ahedi ukapemphe masiku ena. Usawauze za njerwa, ngati akazi awo sanafalitse kale mpaka kumsika.

Usandilembere zolira. Ndili ndi zanga.

Mkulu wako.


2 Epulo

Alamu,

Ndikupatsani moni, ngakhale ndikudziwa kuti kalata yanga simunaiitanitse. Mukhoza kuibweza pasanathe masiku khumi ndi anayi.

Mng'ono wanu sakudziwa kuti ndalemba. Ahedi akana kuonjezera masiku. Iye wayamba kusoka pamanja. Masiku anayi wamaliza madiresi atatu, ndipo chala chake chapakati chatupa moti mphete yosokera sikulowanso. Akamasoka akumanena yekha kuti, "Ndawachititsa manyazi achemwali." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi.

Pa katoni paja panamatidwa pepala lokhala ndi dzina la sitolo ndi nambala ya oda. Ndinawalembera a sitoloyo, ndinatumiza vidiyo ndi chithunzi cha pepalalo. Ndinawakumbutsa kuti masiku khumi ndi anayi ndi a munthu amene walandira chinthu n'kusintha maganizo kapena kupeza chilema. Munthu amene walandira njerwa sanalandire katundu wake n'komwe, ndipo ufulu wake sutha chifukwa cha kalendala. Izi inu mukuzidziwa kuposa ine, n'chifukwa chake ndinadabwa kuti simunazitchule.

Andiyankha dzulo, mwaulemu ndithu. Avomereza kuti zikanakhala choncho akanabweza ndalama zonse, ngakhale patapita mwezi. Koma akuti oda ya nambala imeneyo inathetsedwa ndi wogula mwiniwake pa 2 Malichi, patangopita mphindi makumi awiri chiitanitsireni. Akuti kwa iwo sikunalowe ndalama iliyonse, ndipo katoniyo sinachoke m'nyumba yawo yosungira katundu.

Ndinawerenga yankholo kangapo, ndimaganiza kuti Chingerezi chandithawa.

Sindikunena kuti munadya ndalama za mng'ono wanu. Ndikanakhala ndi maganizo amenewo sindikanawononga pepala. Ndikungofunsa funso limodzi, ndipo ulendo uno ndikufunsira m'kalata, osati pagulu: alamu, munalipira ndani?

Nambala yanga ndailemba kuseri.

Mlamu wanu.


8 Epulo

Kasingano, ndi inu alamu,

Muwerengere limodzi, chifukwa sindingathe kulemba zimenezi kawiri.

Ndinaitanitsa makinawo pa sitolo ija monga ndinanenera. Ndisanalipire, wogulitsayo ananditumizira uthenga. Pa sitolo zoterezi pamakhala ogulitsa ambirimbiri, sitoloyo imangosunga ndalama mpaka wogula atalandira katundu. Iyeyu anati, "Mayi, mukuoneka ozindikira. Sitoloyi imatidula kwambiri. Thetsani odayo, mulipire pa nambala yanga, ndikuchotserani gawo lawolo. Katundu yemweyo, masiku obwezera omwewo." Ananditumizira zithunzi za shopu yake, za chiphaso chake, ngakhale za mwana wake atavala yunifolomu.

Nditadina pothetsa oda, panatuluka mawu ofiira: musalipire wogulitsa kunja kwa tsamba lino, mukatero sitidzakutetezani. Ndinawerenga. Ndinaseka. Ndinati amenewa ndi machenjezo a anthu osaphunzira. Ine wa zaka zitatu za malamulo, amene ndinakhoza bwino kuposa kalasi yonse pa phunziro la mapangano a malonda, ndinatumiza ndalama za makina a amayi kwa munthu amene ndimangomudziwa ndi chithunzi. Chinandigwetsa si mtengo ayi. Ndi mawu aja akuti "mukuoneka ozindikira." Papita zaka zisanu ndi chimodzi munthu asanandiuze zimenezo.

Kasingano, ukanatsegula pa 9, pamaso pa wa njinga yamoto uja, zikanakhala njerwa zomwezo ndipo ndalama sizikanabwera. Nsalu yako ya maluwa sinalakwe kanthu. Pomwe ndimakulembera pa 29 ndinali ndikudziwa kale, chifukwa munthuyo atangondiyankha za masiku odutsa, nambala yake inazima. Ndinakusiya usenze mlandu wanga masiku khumi, chala chako chikutupa. Pa zonsezi, chimenechi ndi chomwe chikundinyansa kwambiri, kuposa wakubayo.

Ndapita ku ofesi yoona za ufulu wa ogula, ndapitanso kupolisi. Mayi wa pa kauntala ya ku ofesiko atamva nkhani yanga sanadabwe n'komwe, anangotsegula faelo n'kunena kuti ndine wachisanu ndi chinayi. Wina analandira matailosi m'malo mwa firiji yaing'ono. Vidiyo yanu ija, alamu, ndi yokhayo yomwe ikuonetsa katoni ikutsegulidwa kuchokera pachiyambi, ndipo sitolo yamuchotsa munthuyo pa tsamba lawo chifukwa cha iyo. Dandaulo ndalemba ndekha, masamba anayi, lopanda cholakwika ndi chimodzi chomwe. Mayi uja anandifunsa ngati ndine loya. Ndinamuuza kuti ndine mboni.

Za kubwera kwa ndalama musayembekezere. Mwina chaka chamawa, mwina ayi.

Mu envelopu yomwe adalaivala akupatseni muli zomwe ndapeza nditagulitsa laputopu yanga. Munali machaputala awiri a kafukufuku wanga wosatha uja, omwe ndimati tsiku lina ndidzamaliza. Ndawasunga pa kafulashi kosungira mafaelo, asakudetseni nkhawa. Pitani kwa mayi wa salauni lero lomwe mukaombole makina a amayi. Akakweza mtengo, alamu, muyankhule ndinu. Ine pakamwa panga paononga zokwanira.

Ndiimba Lachisanu masana pa nambala ili kuseri kwa kalata yanu. Mukaona nambala yachilendo, yankhani.

Mkulu wako, mlamu wanu.


22 Epulo

Achemwali okondedwa,

Moni. Tonse tili bwino, wamng'onoyu mano atuluka awiri.

Pa foni paja munamva nokha kuti ndimangoti "ee, ee." Kalata yanu nditaiwerenga ndinakwiya, sindikubisirani. Ndinatuluka panja, ndinachapa zovala zomwe zinali zochapa kale. Sindinadziwe kuti inunso mungapusitsidwe. Chibadwire ndimadziwa kuti achemwali salakwa, amangolakwiridwa. Mpaka pano ndikamaganiza ndimangoti kukamwa yasa.

Mayi wa salauni anavuta. Anali ataika makina a amayi pakona, atayalapo mawigi. Atamva kuti tawafuna, mwadzidzidzi anakhala makina a mtengo wapatali omwe sanaonepo. Bambo a ana anakhala naye maola awiri. Anabwera nawo pa wilibala, thukuta lili kamukamu, ndipo mwana wa mayiyo aziphunzitsidwa masamu ulere mpaka mayeso.

Ndapalasa, achemwali, mpaka akakolo atupa. Bambo a ana amasita ndi kusokerera mabatani. Mabatani awo ndi opotoka, koma sakuthothoka. Pa 20 ndinapereka mayunifolomu makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Ahedi anawatembenuza, anakoka misoko, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenako anati otsalawo ndibweretse Lolemba, ndipo teremu ya mawa ndisokenso a masewera. Sindikudziwa ngati ndi ntchito yanga yawagwira mtima kapena akazi awo, amene akhala akufotokoza nkhani ya njerwa paliponse moti anthu akubwera ndi zigamba zawo kuti adzangondiona.

Mwendo waufupi uja mukuukumbukira? Amayi ankaikapo kabuku kopinda, inu munkati makinawo akuvina. Ndaikapo njerwa imodzi, ya simenti ija, nditaiswa pakati. Yakwana ndendende. Makina sakugwederanso, ndipo phokoso lachepa. Bambo a ana akuti palibe telala wina amene ali ndi njerwa yodula chonchi. Zitatu zinazo ndasunga pamodzi ndi katoni, mwina apolisi adzazifuna.

Adalaivala akupatsani kaphukusi. Pa nsalu yanga yabuluu ija ndakusokerani diresi ya kolala, yoti muvale popita ku ofesi ya madandaulo, aziona kuti kwabwera munthu. Muyeso ndangoganizira, poti simunabwere.

Musaifunditse nsalu, achemwali. Mutsegule pomwepo pa depoti, adalaivala akuona. Ikakhala yothina, muli ndi masiku khumi ndi anayi.

Ndine mng'ono wanu,
Kasingano.